Afotokozi a Chingerezi: Pamene Amasiyana Njira ndi Chichewa

Aliyense amene anachongapo zimangirizo za Chingerezi za ana a Fomu 1 anakumanapo ndi chiganizo chonga ichi: "My uncle has a house big." Mphunzitsi amangodula ndi cholembera chofiira n'kupita pa kope lina. Komatu mwana amene walemba zimenezi si mbuli ayi. Mawu onse asanu ndi limodzi akuwadziwa, palibe limene walilemba mokhota, ndipo wawayala ndendende mmene amayankhulira kwawo: nyumba patsogolo, kukula kwake pambuyo. Amalume ali ndi nyumba yaikulu. Njerwa ndi za Chingerezi, koma kamangidwe n'ka Chichewa.

Mawu amene amupunthwitsawo ndi aja m'kalasi la Chichewa timawatcha afotokozi, Angerezi n'kumati adjectives. Ntchito ya mfotokozi ndi kunena zambiri za dzina: chinthucho n'chotani, n'chachikulu bwanji, n'cha mtundu wanji, n'chochokera kuti. Malamulo a afotokozi m'Chingerezi ndi ochepa tikayerekeza ndi a aneni. Chimene chimavuta n'chakuti ambiri mwa malamulowo amayenda mosemphana ndi chizolowezi cha lilime lathu. Wophunzira amene sanauzidwe pamene ziyankhulo ziwirizi zasiyanira njira amaloweza chaka ndi chaka, koma akakhala pansi m'chipinda cha mayeso a MANEB, Chichewa chimabwera mwakachetechete n'kumuyalira mawu. Ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi, ngakhale masamu atakhoza chotani.

Mfotokozi amene sasintha

Pali pamene Chingerezi chatichitira chifundo. Mfotokozi wa Chichewa amavala zogwirizana ndi dzina limene akulitsatira: mwana wamkulu, ana aakulu, mtengo waukulu, mitengo yaikulu, dengu lalikulu, chitseko chachikulu, zitseko zazikulu. Tsinde ndi limodzi, -kulu, koma kutsogolo kwake kukusintha ulendo uliwonse, ndipo kukusintha kawiri: m'mawu akuti chachikulu muli cha- komanso chi-. Mzungu wophunzira Chichewa amatuluka nazo thukuta zimenezi, ife timangozinena tisanaganize n'komwe.

Kwa Angerezi, big ndi big basi. Big child, big children, big tree, big doors. Dzina likachuluka, mfotokozi salandira s. Amene amalemba "differents people" kapena "others countries" akupatsa Chingerezi mgwirizano umene sichinapemphe.

Sizinali choncho kuyambira kale. Chingerezi chakale, chija chinkayankhulidwa Anormani a ku France asanalande England mu 1066, chinali ndi afotokozi osinthasintha monga athuwa. Mawu amene lero ndi good ankakhala god, goda, godne, godum kapena godra, kutengera kuti dzinalo n'lotani, n'limodzi kapena n'lambiri, ndiponso likugwira ntchito yanji m'chiganizo. Timichira timeneti sitinkatchulidwa mwamphamvu, choncho tinayamba kufanana n'kumafufutika. Pofika m'nthawi ya mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, kunali kutangotsala ka e kumapeto, ndipo nakonso sikanachedwe kutha. Kusinthako kutatha, chimene chinatsala choti chisonyeze kuti mfotokozi uyu ndi wa dzina liti ndi malo ake m'chiganizo. N'chifukwa chake Angerezi amaumirira kwambiri pa malo. Ife tikhoza kunena kuti "Nyumba imene anagula amalume chaka chatha ndi yaikulu" ndipo ka ya- kamatikumbutsa kuti chachikulu ndi nyumba, osati chaka. Iwo alibe chokumbutsira choterocho.

Malo a mfotokozi wa Chingerezi ndi awiri. Oyamba ndi kutsogolo kwa dzina: a big house, cold water, an honest man. Taonani kuti a kapena an amamvera liwu loyamba la mfotokozi, osatinso la dzina: a house koma an old house, an egg koma a fresh egg. Achiwiri ndi pambuyo pa mneni wolumikiza, monga be, seem, look, feel, smell ndi taste: "The house is big," "The relish smells good."

Pali maudindo angapo a boma amene amaoneka ngati akuphwanya lamuloli: Attorney General, Auditor General, Inspector General, Secretary General. Anthu ambiri amaganiza kuti General ameneyu ndi uja wa ku usilikali. Ayi, ndi mfotokozi, ndipo wakhala pambuyo chifukwa kayalidwe kameneka kanachokera ku Chifalansa, chimene chinali chiyankhulo cha makhoti a ku England kwa zaka mazana angapo Anormani atalowa. Afalansa amaika afotokozi ambiri pambuyo pa dzina ngati ife. Ndiye akakhala awiri amatchedwa Attorneys General, s n'kupita pa dzina. Kupatula maudindo amenewa, mfotokozi amatsatira pambuyo pa mawu monga something, nothing ndi anyone: something new, nothing serious.

Ife timanena ndi mneni, iwo ndi mfotokozi

Chichewa chili ndi afotokozi enieni owerengeka: -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -muna, -kazi, -wisi, -kali. Ena onsewa timawaumba kuchokera ku aneni kapena ku mayina. Wokongola akuchokera ku kukongola, chozizira ku kuzizira, wanzeru ku nzeru. Kawirikawiri sitiumba n'komwe, timangonena ndi mneni: ndatopa, wadwala, mango apsa. Kapena timati tili ndi chinthucho: ndili ndi njala, ali ndi mantha, ali ndi zaka 20.

Chingerezi pa zonsezi chimafuna be ndi mfotokozi: "I am tired," "She is sick," "The mangoes are ripe," "I am hungry," "He is afraid," "She is 20 years old." Apa mpamene pamabadwira ziganizo monga "I am with hunger" ndi "I have 20 years," komanso chija chosowa mneni, "She beautiful." Ena akazindikira kufunika kwa be amayamba kumuthira paliponse ngati mchere, mpaka kumati "I am agree," pamene agree ndi mneni kale ndipo safuna womuthandiza.

Vuto limene limachititsa manyazi anthu akuluakulu, ngakhale a madigiri, ndi la -ed ndi -ing. Munthu wapita kukayesedwa ntchito, watchena, n'kuuza mabwana kuti "I am very interesting in this job." Wina pa msonkhano wautali amanong'oneza mnzake kuti "I am boring." Woyambayo amafuna kunena kuti ntchitoyo yamupatsa chidwi, koma wanena kuti iye ndiye wochititsa chidwi. Wachiwiriyo wadzineneza yekha kuti ndi munthu wogwetsa ulesi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti gawo limeneli limaphunzitsidwa ngati chinthu chachilendo, chonsecho Chichewa chimasiyanitsa zomwezi bwino lomwe. Palibe Mchewa amene amasokoneza wotopa ndi chotopetsa, wodabwa ndi chodabwitsa, wokhumudwa ndi chokhumudwitsa, wosangalala ndi chosangalatsa, wosokonezeka ndi chosokoneza. Wina ndi amene zamuchitikira, chinacho ndi chimene chachititsa. Ndi zomwezonso m'Chingerezi: -ed ndi wa amene akumva m'thupi kapena mumtima, -ing ndi wa chimene chayambitsa. Wotopa ndi tired, chotopetsa ndi tiring. Wodabwa ndi surprised, chodabwitsa ndi surprising. Wokhumudwa ndi disappointed, chokhumudwitsa ndi disappointing. Ngakhale mawu amene tinabwereka kwa iwo omwewo tinawagawa molondola popanda wotiphunzitsa: m'tauni timati "filimu iyi ndi yobowa" komanso "ine ndaboweka." Yobowa ndi boring, ndaboweka ndi "I am bored." Wophunzira akakayika, angotembenuza chiganizocho m'Chichewa n'kumvetsera ngati muli ka -ts- kapena -z- kochititsa kaja. Ngati kalimo, kawirikawiri akufuna -ing.

Liwu limodzi kwathu, mawu anayi kwa iwo

Gawo lina limene mabuku a galamala olembedwa kunja sangalidziwe ndi la matanthauzo, chifukwa limadalira chiyankhulo chimene wophunzirayo akuchokera. Tsinde lathu la -tali limagwira ntchito paliponse: munthu wamtali, msewu wautali, phiri lalitali, mudzi wakutali. Chingerezi chimagawa panayi. Munthu, mtengo ndi nyumba yosanja ndi tall. Msewu, chingwe, tsitsi ndi nthawi ndi long. Phiri, mpanda ndi mitengo ya katundu ndi high. Mtunda ndi far. Mwana akalemba kuti "My brother is long," wamasulira molondola mawu olakwika.

Chimodzimodzi -wisi. Nyama yaiwisi ndi raw, mango aawisi ndi unripe kapena green, nkhuni zaziwisi ndi green kapena wet, chimanga chachiwisi ndi green maize. Kulemera kwa thumba la simenti ndi heavy, kulemera kwa mwini golosale ndi rich. Kuyera kwa laimu ndi white, kwa mbale yotsukidwa ndi clean, kwa Mzimu ndi holy. Wamkulu akhoza kukhala big, older, senior kapena important. Ndipo pali kukoma. Ife nyama imakoma, nyimbo imakoma, tulo timakoma. Mlendo wa ku Britain akamva "The meat is sweet" amaganiza kuti mwathiramo shuga. Pa chakudya, sweet ndi kutsekemera kokha, kwa uchi ndi nzimbe. Ndiwo yokoma ndi tasty kapena delicious.

Palibe lamulo limene lingathetse zimenezi. Chothandiza ndi kuphunzira mfotokozi pamodzi ndi dzina limene amayenda nalo. M'malo moloweza kuti heavy ndi kulemera, lowezani heavy rain, heavy bag, heavy traffic. Mvula yamphamvu kwa iwo ndi heavy, mphepo yamphamvu ndi strong, tiyi wowirira ndi strong. Chifukwa chake musafunse, anazolowera choncho.

Kuyerekeza

Chichewa chili ndi chida chimodzi choyerekezera, ndipo n'chokwana: kuposa. Lilongwe ndi yaikulu kuposa Blantyre. Mfotokozi sasintha, ntchito yonse wagwira kuposa. Chingerezi chimafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: mfotokozi asinthe, kenako pabwere than. "Lilongwe is bigger than Blantyre," ndipo kalembera wa 2018 akuvomereza, poti anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi pafupifupi 800,000 mu Blantyre. Wongomasulira kuposa yekha amalemba "Lilongwe is big than Blantyre," ndipo cholakwika chimenechi n'chofala kuposa china chilichonse pa gawoli.

Kasinthidwe kake kamatengera kutalika kwa mawu. A phatikizo limodzi amalandira -er ndi -est: tall, taller, tallest. Ngati akuthera ndi lembo limodzi la liwu lotsatiridwa ndi lembo limodzi lopanda liwu, lomalizalo limalembedwa kawiri: hot, hotter, monga mu "Nsanje is hotter than Dedza." A maphatikizo awiri othera ndi y amasintha y kukhala i: happy, happier, heavy, heaviest. A maphatikizo atatu kapena kuposerapo amafuna more ndi most: more expensive, most beautiful. Pakati pali gulu la maphatikizo awiri limene eni ake omwe amanena mwa njira zonse ziwiri, monga clever, quiet, narrow ndi common. Pamenepa musataye tulo.

Poyerekeza chinthu ndi zinzake zonse, ife timati kuposa onse, iwo amaika the ndi -est kapena most: "Sapitwa is the highest peak in Malawi," nsonga ija ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002. Ochepa satsata lamulo ndipo ndi ongoloweza: good, better, best; bad, worse, worst; little, less, least; far, farther kapena further.

"More better" ndi mlandu pa mayeso, koma siunali mlandu nthawi zonse. Cha m'ma 1600 William Shakespeare ankalemba zophatikiza zoterezi m'masewero ake popanda womudzudzula. Amene anaziletsa ndi olemba galamala a zaka za m'ma 1700, mmodzi mwa iwo Robert Lowth, amene buku lake la galamala linatuluka mu 1762 ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa London. Ndiye amene amati "more better" sakunena chinthu chopanda mutu, wangochedwa ndi zaka 400. Wochonga mayeso sadzamva zimenezo.

Senior, junior, superior ndi inferior anachokera ku Chilatini ali oyerekeza kale, choncho safuna more, ndipo amayenda ndi to: "She is senior to me." Elder amagwira makamaka pa abale ndipo sayenda ndi than: my elder sister, koma "She is older than me."

Akachuluka, ayalidwe bwanji?

Afotokozi akakhala awiri kapena atatu pa dzina limodzi, Chingerezi chili ndi mndandanda umene eni chiyankhulo ambiri sangaufotokoze, koma amamva msanga ukaphwanyidwa. Poyamba pamabwera maganizo a woyankhula, monga beautiful kapena ugly. Kenako kukula, zaka, kaumbidwe, mtundu monga wofiira kapena wakuda, kumene chachokera, chimene anapangira, ndipo pomaliza ntchito yake. Choncho amati a beautiful long red cotton dress, a small old Japanese car, a big black plastic water bucket. Munthu akanena "a red long dress" amveka ndithu, koma khutu la Mngerezi limachita ngati lakhumudwa pa mwala.

Kuloweza magulu asanu ndi atatuwa n'kotheka, koma ine ndimaona kuti n'kwabwino kumvetsa chimene chili pansi pake. Mawu amene akunena chimene chinthucho chili kwenikweni, chimene palibe angatsutse, amakhala pafupi ndi dzina. Amene akunena maganizo a munthu amakhala patali. Kuti mphika ndi wadothi palibe mkangano, kuti ndi waukulu zimatengera ukuuyerekeza ndi uti, kuti ndi wokongola wina akhoza kukana. Tamverani mmene ife timanenera tikapanda kuganizira: mphika wadothi waukulu wokongola. Werengani chobwerera, kuyambira kumapeto: a beautiful big clay pot. Mfundo yake ndi imodzi, kungoti dzina lathu lili koyambirira, lawo lili kothera. Kusiyana n'kwakuti Chichewa chimalola kusuntha mawuwo pofuna kutsindika, pamene Chingerezi sichilola kwenikweni. Pa kulemba kwenikweni, afotokozi opitirira atatu pa dzina limodzi ndi katundu wolemetsa. Ana ena amaunjika asanu poganiza kuti akometsa chimangirizo.

Kuwerenga chobwerera kumathandizanso pamene dzina likufotokoza dzina linzake. Ufa wa chimanga ndi maize flour, msika wa nsomba ndi fish market, mpira wa miyendo ndi football. Wa ndi cha athu amasowa, mawu n'kutembenuka, ndipo chinthu chenichenicho ndi chomaliza: phone shop ndi sitolo, shop phone ndi foni. Dzina likakhala pa malo a mfotokozi limatengeranso khalidwe lake losachuluka. N'chifukwa chake timati a shoe shop ngakhale muli nsapato zambiri, a two-year course, a five-thousand-kwacha note, a ten-year-old girl. Koma zaka zikabwera pambuyo pa mneni, s amabwerera: "She is ten years old."

Osauka, olemera ndi okalamba timawatchula opanda dzina, ndipo Chingerezi chimatero ndi the: the poor, the rich, the elderly. Koma amenewa ndi gulu nthawi zonse. Palibe "the poors," ndipo munthu mmodzi si "a poor," ndi a poor man.

Kwambiri wathu ali ndi nkhope ziwiri m'Chingerezi. Very amangokweza: very hot ndi kutentha kwambiri. Too amatanthauza kupyola muyeso mpaka china chake chalephereka: "The tea is too hot to drink." Woyamikira apongozi kuti "The food is too nice" kapena kuuza kholo kuti "Your daughter is too clever" wanena mawu amene kunja angamveke ngati dandaulo. Enough yekha ndiye amakhala pambuyo pa mfotokozi, ngati Mchewa: old enough, big enough.

Otsala ndi afotokozi amene amasankha malo. Afraid, asleep, alive, alone ndi awake amakhala pambuyo pa mneni pokha: "The baby is asleep," koma kutsogolo kwa dzina timati a sleeping baby. Main ndi former amakhala kutsogolo kokha. Ndipo ena akasintha malo amasinthanso tanthauzo. The present members ndi mamembala a panopa, the members present ndi amene afika pa msonkhano. Concerned parents ndi makolo amene ali ndi nkhawa, the parents concerned ndi amene nkhaniyo ikuwakhudza. An old friend akhoza kukhala mnyamata, bola ubwenziwo ndi wakale.

Wodziwika kwambiri pa gulu limeneli ndi late. Kutsogolo kwa dzina la munthu amatanthauza malemu: my late father. Pambuyo pa mneni amatanthauza kuchedwa: "My father is late." Kwathu kuno, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Nigeria komwe, anthu amati "She is late" ponena kuti munthu anamwalira, ndipo tonse timamvana. Sindikutenga zimenezi ngati umbuli. Ndi Chingerezi cha kuno, chobadwa ku mwambo wathu wosatchula imfa mwachindunji, monga timanenera kuti anatisiya kapena anatsogola. Koma sichiwoloka nyanja. Namwino wa ku Malawi wogwira ntchito ku Manchester, ku England, akauza bwana wake ndi nkhope yakugwa kuti "My mother is late," bwanayo akhoza kungoyang'ana wotchi n'kufunsa kuti mayiwo afika nthawi yanji. Kumeneko ayenera kunena kuti "My mother has passed away."